Zoyenera Kuchita Makina Osokera Akayamba Phokoso Singano Itathyoka

Singano ikathyoka, atelala ambiri amangochotsa chotsalira, n'kuika ina, n'kupitiriza kusoka. Pakangopita mizere iwiri kapena itatu, makina amene anali kuyenda bwinobwino amayamba kulira kuti kho kho kho, ulusi umaduka pafupipafupi, ndipo posakhalitsa singano yachiwiri nayo imathyoka. Apa ndi pamene ena amathiramo mafuta ochuluka, ena amamasula tibawuti timene sakudziwa ntchito yake, ndipo vuto laling'ono limafika pofuna amakanika. Zimapweteka kwambiri zikachitika mu Januwale mayunifolomu a sukulu ataunjikana, kapena kutatsala masiku ochepa kuti anthu apite ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika, eni zovala akudikira pakhonde.

Phokoso lobwera singano itangothyoka limatanthauza kuti chitsulo china chikugunda kapena kukhula chinzake. Ntchito yanu ndi kupeza malo amene zitsulozo zikukumana, poyamba ndi zinthu zosavuta kukonza, ndipo zovuta zizibwera kumapeto. Malangizo ali m'munsiwa akukhudza makina opalasa ndi opukusa ndi dzanja monga Butterfly ndi Singer akale, makina amagetsi apanyumba, komanso makina aakulu a mtundu wa Juki amene ali m'mashopu ambiri a atelala mu Chipata.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO PAFUPI

- Singano zatsopano ziwiri kapena zitatu za mtundu woyenera makina anu.
- Masikuludiraiva awiri, ina yaifupi yolowa pansi pa mkono wa makina, ina yaing'ono kwambiri.
- Kaburashi kapena mswachi wakale wouma.
- Maginito, ngakhale yochotsa m'sipika ya wailesi yakufa.
- Tochi kapena foni yowunikira, imenenso mujambulire zithunzi.
- Kopanira tizinthu tating'ono.
- Sandipepa yosalala kwambiri, ya nambala 800 kapena 1000.
- Mafuta enieni a makina osokera, aja oyera ngati madzi.
- Pepala loyera, kambale koikamo tibawuti, ndi zidutswa za nsalu ya thonje.

IMITSANI MAKINA NDI KUSONKHANITSA ZIDUTSWA

1. Chotsani phazi lanu pa chopondera nthawi yomweyo. Ngati makina ndi amagetsi, zimitsani ndipo muzule pulagi ku soketi, chifukwa zala zanu zikhala pansi pa singano kwa nthawi yaitali. Mota ya makina aakulu aja okhala ndi kilatchi imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi ngakhale mwazimitsa, choncho dikirani kuti itheretu kulira musanagwire chilichonse. Pa makina opalasa, gwetsani lamba pa gudumu lalikulu lapansi.

2. Kwezani phazi lopondereza nsalu, dulani ulusi wapamwamba ndi wapansi, kenako muchotse nsalu pang'onopang'ono. Chenjezo: nsalu ikakana kutuluka musaikoke mwamphamvu, pakuti mwina chidutswa cha singano chaibaya n'kulowa m'bowo la puleti (chitsulo chophwatalala chili pansi pa singano), ndipo mukakoka mung'amba chitenje cha mwini wake ndi kukanda puletiyo.

3. Masulani kabawuti komanga singano, muchotse chotsalira, ndipo muchigoneke pa pepala loyera pamodzi ndi zidutswa zonse zimene mwatola. Pambali pake gonekani singano yatsopano ya saizi yomweyo. Zidutswa zikalumikizana n'kufanana kutalika ndi yatsopanoyo, mwapeza zonse. Pakasowa nsonga, ndipo kawirikawiri imasowa ndi nsonga, dziwani kuti ili m'makina, m'nsalu kapena pansi. Papasani msoko wa chovala chimene munali kusoka, makamaka ngati ndi cha mwana, chifukwa kansonga kotsalira m'mpendero kadzabaya amene adzavale.

Sitepe iyi anthu amaidumpha poiona ngati yotaya nthawi, koma ndi imene imakuuzani ngati pali chimene mukufunafuna m'kati.

TSEGULANI PANSI PA SINGANO

4. Chotsani phazi lopondereza nsalu, kenako masulani tibawuti ta puleti ya singano n'kutiika m'kambale. Gwiritsani ntchito sikuludiraiva yokwana bwino m'kamzere ka kabawuti, chifukwa yaing'ono imadya mutu wa kabawutiko mpaka kosamasukanso. Tulutsaninso bobini, kachitsulo kokulungirapo ulusi wapansi, pamodzi ndi kesi yake.

5. Unikani ndi tochi, ndipo ndi kaburashi chotsani tiubweya ta nsalu timene timaumbika pakati pa mizere ya mano okoka nsalu. Kansonga ka singano kamakonda kubisala m'tiubweya timeneti, choncho zonse zimene mwachotsa zigwere pa pepala loyera, mupitsepo maginito. Pitsaninso maginito mozungulira mano ndi pamalo pamene pamakhala bobini. Chenjezo: musapemerere ndi pakamwa, chifukwa mpweya umakankhira chidutswa m'kati kwambiri, ndipo chinyezi chake chimabweretsa dzimbiri.

6. Gonekani mutu wa makina chagada pa mahinjesi ake kuti muone pansi. Pa makina a Juki pansipo pali chibeseni cha mafuta, ndipo chidutswa chikhoza kugwera m'mafutamo, choncho yendetsani maginito m'menemo.

TULUTSANI SHATULO

Shatulo ndi chitsulo cha nsonga yakuthwa chimene kesi ya bobini imakhalamo, ndipo chimatola ulusi wa singano. Apa m'pofunika kudziwa mtundu wa makina anu, chifukwa chimene chili chololedwa pa ena n'choletsedwa pa ena.

7. Pa Butterfly, Singer ena akale ndi makina ena amene shatulo yake imapita uku n'kubwerera, zungulizani gudumu ladzanja mpaka ndodo yogwira singano ifike pamwamba penipeni. Jambulani chithunzi cha mmene shatulo yakhalira musanaigwire. Kenako kankhirani kunja tizitsulo tiwiri togwira mkombero wotsekera shatulo, chotsani mkomberowo, ndipo mutulutse shatulo poigwira pa kamtengo kake kapakati. Makina ena akale kwambiri ali ndi tibawuti m'malo mwa tizitsulo tokankha, koma ntchito yake ndi yomweyo. Pukutani njira imene shatulo imayendamo ndi kansalu, ndipo muyang'anitsitse m'ngodya zake, popeza kansonga kakapanikizika m'njira imeneyi ndi kamene kamachititsa gudumu kulimba pamalo amodzi pa kuzungulira kulikonse.

8. Pa Juki ndi makina ena amene shatulo yake imazungulira kosabwerera, musamasule tibawuti tomangira shatulo ku mtengo wake. Mukangotimasula, mwasokoneza nthawi imene shatulo imakumana ndi singano, ndipo mwadzipangira vuto lalikulu kuposa limene munali nalo. Ingozungulizani gudumu pang'onopang'ono mukuunika, n'kuchotsa ulusi wokodwa kapena chidutswa ndi kopanira. Gudumu likakana kuyenda, dontheserani dontho la mafuta m'njira ya shatulo, ndipo muligwedeze pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mpaka chopanikizikacho chimasuke. Musalikakamize ndi manja awiri.

MVETSERANI MAKINA ALI OPANDA KANTHU

9. Tsopano makina alibe singano, phazi, puleti, kesi ya bobini, ndipo pa makina a mtundu wa Butterfly alibenso shatulo. Zungulizani gudumu ndi dzanja kuloza kwa inu, kangapo, khutu lili pafupi. Ngati ali chete ndipo gudumu likuyenda mofewa, zam'kati zili bwino, ndipo phokoso likuchokera pa chimodzi mwa zimene mwachotsa. Njira yodziwira ndi kubwezera chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse, n'kuzunguliza, n'kumvetsera. Chimene phokoso liyambire mutangochibwezera ndicho chili ndi mlandu. Munthu amene amabwezera zonse nthawi imodzi amamvanso phokoso lomwe lija koma sadziwa kumene lachokera.

Ngati makina akusokosabe ali opanda zonsezi, mvetserani mtundu wa phokosolo. Kulira kwa kwii kwii n'kwa zitsulo zouma zofuna mafuta, ndipo sikukhudzana ndi singano. Gwede gwede amasonyeza kuti pali kabawuti komasuka, mwina pa mano kapena pa chogwirira singano. Koma kugunda kumodzi kolimba kobwera pamalo omwewo pa kuzungulira kulikonse, makamaka pa makina opepuka apanyumba amene m'kati mwake muli magiya apulasitiki, kumasonyeza kuti giya lang'aluka kapena laguluka dzino pamene singano inagunda chitsulo. Zimenezo n'za amakanika, ndipo kupitiriza kuyendetsa makinawo kumangowonjezera zoti mudzagule.

FUFUZANI ZIPSERA ZIMENE SINGANO YASIYA

Singano ndi chitsulo cholimba kwambiri, ndipo isanathyoke imakhala itamenya penapake. Pamene yamenyapo pamatsala kachipsera kokhakhala kamene maso saona msanga, koma kamakola ulusi, kamaudula, ndipo kamachititsa makina kulira kuti tiki tiki pamene ulusi ukudumpha pamenepo.

10. Yambani ndi puleti. Yang'anani m'mphepete mwa bowo lolowa singano, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo muyendetsepo chikhadabo. Pamene chikhadabo chikukodwa, ulusinso ukodwa. Dulani kachidutswa kakatali kopyapyala ka sandipepa, kalowetseni m'bowomo, ndipo mukakoke uku ndi uku mpaka posalala. Musakulitse bowo, chifukwa bowo lalikulu limameza nsalu zopyapyala. Puleti imene yapindika kapena imene bowo lake lagumuka kwambiri ndi yofunika kugula ina.

11. Chitani chimodzimodzi ndi bowo la phazi lopondereza nsalu, ndiponso kunja kwa kesi ya bobini. Bobini yokha igubuduzeni pa tebulo losalala. Ikamayenda motsimphina ndiye kuti milomo yake yapindika, ndipo idzakhula m'kati mwa kesi nthawi zonse. Itayeni.

12. Mufike pa shatulo, ndipo apa m'pofunika kudekha. Nsonga yake yakuthwa ndi imene imatola ulusi kumbuyo kwa singano, choncho makina onse amadalira kansonga kameneka. Yendetsani chala pang'onopang'ono kuchokera pa nsonga mpaka kumsana kwake, kapena pitsanipo kansalu koterera kamene kamakodwa msanga. Kachipsera kakang'ono kali m'mbali kachotseni ndi sandipepa yonyowetsa ndi dontho la mafuta, mukukhula kuchokera kumsana kupita ku nsonga. Chenjezo: musanole nsongayo ndi fayilo kapena mwala, ndipo musaifupikitse. Shatulo yofupika nsonga imadumpha misoko, ndipo palibe njira yobwezera chitsulo chimene mwachotsa. Ngati nsonga yaguluka kapena yapindika, gulani shatulo ina.

Popita kukagula, kaya ndi ku Down Shops kapena kwa ogulitsa zipangizo za atelala ku msika wa Kapata, nyamulani chakalecho m'thumba kuti mukafananize. Makesi a bobini a makina amtundu umenewu amaoneka ofanana, koma ena kanyanga kake kamaloza kumanja, ena kumanzere, ndipo mukagula yosiyana ndi yanu siikhala m'malo mwake. Mabobini nawonso ali mitundumitundu, ndipo ya Juki si yolowetsa mu Butterfly ngakhale ioneke ngati ikukwana.

BWEZERANI ZONSE NDI KUIKA SINGANO MOYENERA

13. Pukutani fumbi la sandipepa, dontheserani dontho limodzi la mafuta m'njira ya shatulo, ndipo muibwezere motsatira chithunzi chija. Tsekani mkombero mpaka tizitsulo tonse tiwiri tigwire. Bwezerani puleti, muonetsetse kuti yakhala mofanana ndi thupi la makina mbali zonse musanamange tibawuti, chifukwa puleti yokhala mopendekeka imagundidwa ndi mano. Kesi ya bobini ikankheni mpaka mumve kuti yagwira, kanyanga kake kali m'kampata kake. Kesi yolowa theka imagwedera, ndipo singano imaimenya.

14. Tengani singano yatsopano ya mtundu woyenera. Makina apanyumba, kuphatikizapo Butterfly ndi Singer ambiri akale, amagwiritsa ntchito singano zolembedwa HAx1, 15x1 kapena 130/705H pa paketi, zimene tsinde lake ndi lophwatalala mbali imodzi. Makina a Juki osoka msoko wowongoka monga DDL-8700 amafuna DBx1, zimene tsinde lake ndi lobulungira. Kusinthanitsa mitundu iwiriyi kumabweretsa phokoso lomwe mukulimbana nalo. Pa saizi, 70/10 ndi 80/12 n'za nsalu zopyapyala, 90/14 imakwana chitenje ndi nsalu za malaya, 100/16 n'ja jinzi ndi nsalu zolimba za yunifolomu, ndipo 110/18 n'ja zokhuthala kwambiri. Ngakhale singano ndi yatsopano, igonekeni pa galasi kapena pa puleti mbali yophwatalala ili pansi ngati ili nayo, muone ngati mpata wa pakati pa singano ndi galasi ndi wofanana kuyambira kutsinde mpaka ku nsonga. Zokhota zimapezeka ngakhale m'paketi yosatsegula.

15. Kankhirani singano m'mwamba mpaka igunde poima, kenako mumange kabawuti ndi sikuludiraiva, osati ndi zala zokha. Singano yotsalira pansi ngakhale pang'ono imagunda shatulo kapena kesi ya bobini, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zofala kwambiri zimene makina amayambira phokoso munthu atangosintha singano mothamanga. Pa za mbali imene iyenera kuloza, musaloweze za makina a mnzanu, chifukwa makina amasiyana. Lamulo logwira pa onse ndi ili: singano ili ndi kangalande kakatali mbali imodzi, ndipo mbali inayo ili ndi pokumbika pang'ono pamwamba pa diso. Kangalande kakatali kamayang'ana mbali imene ulusi umalowera, pokumbikapo pamayang'ana kumene nsonga ya shatulo imadutsa. Pa Butterfly ambiri ndi pa Juki DDL-8700 ulusi umalowa kuchokera kumanzere kupita kumanja, choncho kangalande kamakhala kumanzere. Pa makina amakono apanyumba ulusi umalowa kuchokera kutsogolo, ndipo mbali yophwatalala imayang'ana kumbuyo.

16. Musanaike ulusi, bwezerani phazi ndipo muzungulize gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, maso ali pa nsonga ya singano. Iyenera kulowa pakati pa bowo la phazi ndi la puleti osakhudza m'mphepete. Ikakhudza phazi, ndiye kuti phazi lamangidwa mokhota, limasuleni muliwongole. Ngati makina anu amasokanso zigizagi, onani kuti mwawabwezera pa msoko wowongoka, popeza phazi la bowo laling'ono silipereka malo oti singano ipite uku ndi uku. Singano yatsopano yowongoka ikamatsikira m'mphepete mwa bowo nthawi zonse, chogwirira singano kapena ndodo yake yapindika.

ONANI NGATI SINGANO NDI SHATULO ZIKUKUMANA PA NTHAWI YAKE

17. Izi muzichite pokhapokha zonse zam'mbuyozi zitalephera, ndipo ntchito yanu pano ndi kuona chabe. Chotsaninso puleti ndi kesi ya bobini kuti muone bwino. Tsitsani singano mpaka pansi penipeni, kenako mupitirize kuzunguliza mpaka ikwere pafupifupi mamilimita 2. Pa nthawi imeneyo nsonga ya shatulo iyenera kukhala itafika pakati pa singano, pamwamba pang'ono pa diso, pafupifupi milimita 1 kapena 2. Iyenera kudutsa pafupi kwambiri koma osagunda. Pa Juki DDL-8700 mpata umenewu ndi wa pakati pa mamilimita 0.04 ndi 0.1, kutanthauza kuti suposa kukhuthala kwa pepala la m'kope.

Mukaona nsonga ikudutsa pansi pa diso, kapena patali pamwamba pake, kapena ikukankha singano, mwapeza gwero la vuto. Zizindikiro zake zina ndi kudumpha misoko ndi kulephera kutola ulusi wapansi. Pa makina a mtundu wa Butterfly shatulo sichokachoka pa nthawi yake, ndipo chimene chimasuntha kawirikawiri ndi ndodo yogwira singano, imene imakankhidwira m'mwamba singano ikamenya chitsulo mwamphamvu. Kuibwezera kumafuna kumasula kabawuti kamodzi m'kati mwa mutu wa makina ndi kuyeza bwino. Amene sanaonepo ntchitoyi ikuchitika ndi bwino aisiyire amakanika, ndipo aime pambali aone mmene akuchitira.

YESANI KUSOKA

18. Ikani ulusi phazi lili m'mwamba kuti ulowe bwino pakati pa timbale toukoka. Pindani kachidutswa ka nsalu ya thonje pawiri, gwirani michira yonse iwiri ya ulusi kumbuyo, ndipo misoko khumi yoyamba muisoke pozunguliza gudumu ndi dzanja. Mukamva kuti zili chete, bwezerani lamba kapena magetsi, muyambe pang'onopang'ono, kenako muwonjezere liwiro. Tembenuzani nsaluyo muone pansi pake. Misoko ikhale yofanana, yopanda malupu ndi yosadumpha. Musayese pa chovala cha kasitomala, chifukwa mafuta amene mwathira amayamba atuluka pa misoko yoyambirira.

ZOLAKWA ZIMENE ANTHU AMACHITA KAWIRIKAWIRI

Cholakwa chachikulu ndi kuthira mafuta pofuna kuziziritsa phokoso. Mafuta amalichepetsa kwa kanthawi, koma kansonga ka singano kamakhalabe m'njira ya shatulo n'kumaikanda, mpaka shatulo ndi njira yake zonse zitatha ntchito. Choipa koposa ndi kuthira saladi wophikira kapena mafuta a injini ya galimoto. Saladi akauma amamata ngati ulimbo, ndipo akasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala makina amalimba osayendanso. Mafuta a injini ndi olemera kwambiri ndipo amadetsa nsalu.

Ena amawongola singano yokhota ndi pulayazi kapena kunola yobuntha pa simenti pofuna kupulumutsa ndalama. Singano yotere siwongoka kwenikweni, ndipo mtengo wa shatulo imene idzawononge umaposa wa paketi yonse ya singano. Singano yobuntha imadziwika ndi kulira kwa phu phu pamene ikuboola nsalu, ndipo imeneyo ndi yotaya.

Palinso kuthamangitsa makina poganiza kuti chopanikizikacho chituluka chokha, ndi kumasula tibawuti tambiri nthawi imodzi osakumbukira kumene kalikonse kachokera.

Cholakwa china ndi kukonza phokoso koma osafunsa chimene chinathyola singano yoyamba. Nthawi zambiri ndi dzanja la wosoka limene limakoka nsalu kumbuyo m'malo molola mano kuti aikoke okha, ndipo singano imapindika n'kumenya puleti. Kusoka modutsa pa mapini ndi pa mano a zipi yachitsulo kumachitanso zomwezo. Amene amachepetsa majinzi a salaula amadziwa kuti pamene misoko imakumana pa mpendero wa mwendo pamakhala nsalu yopindika kambiri. Pamenepo menyanipo ndi hamala pa thabwa kuti paphwatalale, ikani singano ya 100/16 kapena 110/18, lowetsani kansalu kopinda pansi pa phazi chakumbuyo kuti phazilo lisapendekeke pokwera, ndipo mudutsepo pozunguliza gudumu ndi dzanja.

Zikafika popita kwa amakanika, musapite ndi mutu wa makina wokha. Nyamulani zidutswa za singano yothyokayo, paketi imene munaitengamo, kesi ya bobini ndi bobini yake, ndiponso kansalu kamene munayeserapo kusoka. Auzeni nsalu imene munali kusoka pamene singano inathyoka, tibawuti timene mwamasulapo, ndi chinthu chimene phokoso linayambira mutachibwezera pa sitepe 9.